Tinabetcherana mwendo wa mbuzi pa Phiri la Dedza

Mlongo wanga anafika kunyumba Lamulungu madzulo nkhope ili gwaa, moni wake wapakamwa chabe. Asanakhale n'komwe pampando anati: "Achimwene, kalankhuleni nawoni alamu anu. Mpamba ukutha ndi nyama."

Ine ndinayesa akunena mokuluwika za mowa kapena za chibwenzi, poti ndi zimene zimadya mipamba m'tauni muno. Ayi ndithu. Ankanena nyama yeniyeni, ya kubutchala.

Alamu angawa ena a inu mumawadziwa nkhope, ngakhale dzina sinditchula. Ndi mmodzi wa aja amatsitsa matumba a kachewere mbandakucha ku Lilongwe n'kumagulitsa kwa anyamata a chiwaya. Mngoni wa ku Bembeke, zaka 50 zakwana, mimba inali patsogolo ngati ya bwana wa kampani. Zaka zitatu zapitazo kuchipatala adawapeza ndi matenda a shuga. Tsono mphwawo amene ali ku Joni anawatumizira nzeru yatsopano: akuti munthu adalengedwa kuti azidya nyama yokhayokha. Nsima ayi, masamba ayi. Nyemba, zipatso, tiyi wa shuga, zonsezo ati ndi poizoni. Nyama, mchere, madzi, mwina dzira, basi. Chiphunzitsochi chili ndi abusa ake kunjaku; wina ndi dokotala wa mafupa wa ku America, Shawn Baker, amene adatulutsa buku lake mu 2019.

Ndiye taganizani, munthu wogulitsa mbatata tsiku lonse, mwini wake osalawa ngakhale kachipisi kamodzi. Kasitomala akafunsa ngati kachewereyo ndi waufa, iwo amati "funsani amene amadya."

Ndisakunamizeni, pa miyezi isanu imeneyi mimba ija yaphwa. Lamba aboola mabowo awiri atsopano. Akakayezetsa, shuga akuti watsika. Nanga munthu wotere umuuza chiyani? Nditangoyamba kulankhula anandidula pakamwa. "Alamu, inu ndi nsima yanuyo, ine ndi nyama yanga. Loweruka ndikukapikula ku Dedza. Tiyeni tikakwere phiri. Woyamba kufika pa milongoti ya pamwamba paja, mnzake amugulire mwendo wa mbuzi." Ndinavomera. Kukana kukanakhala kugwa ndewu isanayambe.

Tinakwera minibasi pa depoti Lachisanu masana, mwezi wa Juni, anayianayi pampando wa anthu atatu monga mwa masiku onse. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boma la Dedza ndi makilomita 85, ndipo msewu wa M1 umangokwera mwakachetechete osakuuza. Pa Nathenje jekete ili m'manja, pa Chimbiya wayamba kuivala, pofika pa Linthipe aliyense akukalipira wa pawindo kuti atseke. Cha kumeneko minibasi itaima kuti mayi wina atsike, anyamata a mbewa anatizinga ndi mipani yawo. Alamu anagula iwiri. "Iyinso ndi nyama," anatero akutafuna ndi ubweya womwe, "ilibe mlandu."

Dedza ndi tauni yokwera kuposa ena onse m'Malawi, mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri laima kumbuyo kwake ngati mlonda, nsonga yake mamita 2,198. Kuzizira kwa kuno mu Juni si kocheza nako. Pa resitihausi anatipatsa bulangete limodzilimodzi lopyapyala ngati pepala la nyuzi ino, moti tinagona ndi nsapato zomwe. Madzulo ake ine ndinadya nsima ya mgaiwa, nyemba ndi mpiru wotendera. Alamu anapita kuseri kwa msika n'kukakhala pa kanyenya wa mbuzi, theka la kilo, kuwonjezera nthumbwana. M'mawa ine tiyi ndi mbatata ya kholowa. Iwo anameza kam'bulu kawo ka shuga ndi madzi, kenaka mazira awiri owiritsa. Ndinaona ndithu koma sindinaganizepo kanthu. Kam'bulu kameneka tikumana nakonso kutsogoloku.

Njira imachoka m'tauni n'kulowa m'nkhalango ya paini. Amene mudakwera phirili kale mukhoza kulira: malo ambiri pomwe padali mitengo yowirira pano ndi zitsa, kwina timitengo tongobzalidwa kumene. Fungo la utomoni, phokoso la macheka cha uko, chifunga chokuta chilichonse moti mnzako akatalikira mapazi khumi ukungomumva mawu. Amayi ankatsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ena opanda nsapato pa mame ozizira ngati a mufiriji, koma moni osaiwala. Ndivomere pano, ola loyamba alamu anandisiya. Ankayenda patsogolo akuimba mluzu, ine m'mbuyo wefuwefu, mgaiwa wanga ukundilemera. Mumtima ndinayamba kuwerengera mtengo wa mwendo wa mbuzi.

Titakwera ndithu chifunga chinang'ambika, dziko linaoneka. Chakumpoto kuli Chongoni ndi timapiri take ta miyala. Alamu analoza ndi ndodo. "Mukuona uko? Eni dziko oyamba, Akafula, ankalima? Ankakonola? Uta ndi mivi basi. Nyama!"

Apa sananame kwenikweni. M'mapanga a kumeneko muli zojambula pamiyala, malo 127, zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, aja agogo ankatisimbira kuti ukakumana naye amafunsa "mwandionera pati?", iwe uyankhe kuti "kutali uko" ngati moyo ukuufuna. Zoyera ndi za Achewa, za chinamwali ndi za gule. Phanga la Mwana wa Chentcherere adalikumba katswiri wa zakale J. Desmond Clark mu 1972, ndipo mudatuluka mafupa a nyama zamtchire ochuluka, mpaka mayi wina, Diana Crader, adalemba buku la mafupa okhawo mu 1984.

Koma ndinawafunsa alamu: mukataya fupa la ng'ombe ndi tsamba la nkhwani kudzala, n'kubwerako chaka chamawa, mupeza chiyani? Fupa. Ndiye tinene kuti pakhomopo sankadya nkhwani? Dzala limasunga zolimba zokha. Uchi ulibe fupa. Masuku, nthudza, maula, bowa wa utale, mizu yokumba, zonsezi tchire la kuno limabereka nyengo yake ikafika, ndipo munthu wanjala sangazilambalale chifukwa cha chiphunzitso cha ku Joni. Ku Tanzania kuli anthu otchedwa Ahadza, ena mwa iwo akadali pa moyo wosaka ndi kutola. Ofufuza amene adakhala nawo m'ma 1980 adawerengera kuti mlenje mmodzi amagwetsa nyama yaikulu pafupifupi kamodzi pamwezi. Inde akapha amagawana mudzi wonse, koma chodalirika tsiku ndi tsiku ndi zimene amayi akumba ndi kutola, mizu, malambe, zipatso, kuphatikiza uchi umene abambo afula. Nyama amaikonda zedi, monga ife tomwe. Nkhuli si ya lero. Koma kukonda chinthu ndi kukhalira chomwecho ndi nkhani ziwiri.

"Amenewo ndi Akafula," anatero alamu akudzuka. "Ine ndine Mngoni."

Njira itakhotera kumadzulo, Mozambique anaonekera yense, minda yake yolumikizana ndi yathu ngati malire kulibe. Cha uko kuli phiri la Domwe, kumene Angoni a kwa Maseko adakhazikika cha m'ma 1870 asanagawikane, ena kwa Gomani ku Ntcheu, ena kutsikira ku Mtakataka kwa Kachindamoto. Alamu anavula chipewa. "Agogo athu amenewo. Nyama, uwende, mkaka. Ankaima pamaso pawo ndani?"

Ndinati alamu, agogo anu ndimawapatsa ulemu wonse, koma tiyeni tiwerenge ng'ombe. Kwa Mngoni ng'ombe idali banki. Ya malowolo, ya mlandu, ya nsembe, ya maliro a munthu wamkulu. Munthu sapha banki yake tsiku lililonse. Chimene ng'ombe inkapereka m'mawa uliwonse ndi mkaka, ndipo chambiko ankadyera nsima. Nanga ankhondo aja akapita kukathira nkhondo ankabwera ndi ng'ombe zokha? Ankagumulanso nkhokwe za Achewa, n'kugwira anthu odzawalimira minda. Munthu wosadya nsima nkhokwe ya mnzake aifuniranji? Nanga mowa wa masese umene Mngoni aliyense amadzitama nawo, amafulula ndi mang'ina?

Apa anaseka mpaka kutsokomola. Koma sanagonje, anathawira ku Kenya, kwa Amasai.

Nkhani ya Amasai idavutapo azungu kalekale. Mu 1931 madokotala awiri, John Boyd Orr ndi John Gilks, adasindikiza zimene adapeza atayeza Amasai, anthu a mkaka, magazi ndi nyama, ndi anansi awo Akikuyu, anthu a chimanga, mawere, nyemba ndi mbatata. Mwamuna wa Chimasai adapezeka wamtali ndi mainchesi 5 ndi wolemera ndi mapaundi 23 kuposa mnzakeyo. Alamu anawomba m'manja. Ndinati dikirani ndimalize. Chakudya chachikulu cha Amasaiwo chidali mkaka, si nthuli ayi. Amayi ndi okalamba ankadyanso nthochi, nyemba ndi chimanga zosinthanitsa ndi anansi. Ndipo madokotala omwewo adalemba kuti Amasai ankavutika kwambiri ndi nyamakazi ndi kudzimbidwa.

Mawu omalizawa anawalasa. Sindinafune kuwachititsa manyazi, koma m'mawa uja pa resitihausi anakhalitsa kuchimbudzi mpaka mlonda kugogoda kuti kapena munthu wafera momwemo. Nyama ilibe gaga. Zija zimasesa m'matumbo zili m'mgaiwa, m'nyemba, m'masamba ndi m'zipatso. Dokotala wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, amene adagwira ntchito ku Uganda ndipo adayendera zipatala za Nyasaland mu 1961, adafika poyeza chimbudzi cha anthu pa sikelo. Zoona, pa sikelo! Adapeza kuti cha munthu wakumudzi kuno ku Africa chinkalemera pafupifupi kanayi kuposa cha Mngelezi, ndipo iye ankati n'chifukwa chake khansa ya m'matumbo idali yosowa m'midzi mwathu koma yofala kwawoko. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa idalengeza kuti nyama zokonzedwa kufakitale, masoseji ndi mapoloni, zimayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo nyama yofiira nayo ikuganiziridwa kwambiri. Sadanene kuti kanyenya wa pa Khirisimasi apha munthu ayi. Nkhani ndi ya kudya tsiku ndi tsiku, zaka ndi zaka.

Khadi lawo lalikulu alamu analisunga mpaka pa chitunda chenicheni, pamene ine mpweya unali utandithera woti n'kutsutsira. "Nanga mzungu uja adadya nyama chaka chathunthu madokotala akumuyang'anira?"

Ameneyo adalipodi. Dzina lake Vilhjalmur Stefansson, adakhala zaka ndi Ainuit, anthu a kozizira kumpoto kwa Canada ndi Alaska kumene chimanga sichimera. Mu 1928 iye ndi mnzake Karsten Anderson adalola madokotala a chipatala cha Bellevue ku New York kuti aziwayeza chaka chonse akudya nyama yokha, ndipo adatsiriza ali bwinobwino. Izi n'zoona. Koma mphwanu wa ku Joni sadakuuzeni zonse, ndinatero nditapezako mpweya. Atamupatsa mnofu wokhawokha wopanda mafuta, tsiku lachitatu Stefansson adayamba nseru ndi kutsegula m'mimba. Adachira atabwerera ku nyama yonona, moti magawo atatu mwa anayi a mphamvu ya chakudya chake ankachokera ku mafuta. Mbuzi ya ku Dedza yodya zitsamba m'phiri mafuta amenewo iwatenga kuti? Ainuit nawo ankadya chiwindi ndi chikopa cha nangumi zosaphika, mmene muli vitamini C amene ife timamupeza m'malambe, m'malalanje ndi m'kachewere yemwe mumagulitsayo. Ndipo ndalama za kafukufukuyo adapereka ndi a makampani a nyama. Amuna awiri, chaka chimodzi, wolipira ndi wabutchala.

Zaposachedwa ziliponso. Mu 2021 ofufuza a ku Boston adafunsa anthu 2,029 odya nyama yokha, ambiri n'kuyankha kuti akupeza bwino. Koma adafunsa okhawo amene adapirira miyezi 6 kapena kuposa. Zili ngati kufunsa amene ali pabenchi lero ngati geni ya kaunjika imapindula. Amene adaduka mpamba ali kumudzi, sawerengedwa. Ndipo mwa amene adapereka zotsatira za magazi, mafuta oipa aja otseka mitsempha, madokotala amati LDL, adali okwera kwambiri.

Ndinkalankhula zonsezi ndikuyang'ana pansi poopa miyala. Milongoti inali itayamba kuoneka pamwamba pa mitu yathu pamene ndinazindikira kuti palibe akundiyankha, ndipo mluzu uja udasiya kale. Alamu ankayenda ngati munthu wochoka pa kachasu. Anakhala pa chitsa. Mphepo yozizira chotero, iwo thukuta lili kamukamu, malaya onse atanyowa, manja akunjenjemera. Ndinati alamu, bwanji? Anandiyang'ana ngati sakundidziwa n'kuyamba kunena za matumba a mbatata amene sanawerenge. Abale, mtima wanga unangoti myuu. Pamwamba pa phiri, galimoto palibe, chipatala chili m'munsi ulendo wa maola awiri. Mlongo wanga ndikamuuza chiyani? Kuti amuna ake ndawapha chifukwa cha mwendo wa mbuzi?

Mulungu si Jemusi. Kunatulukira mayi wina wachikulire, chidebe pamutu, akupita kukagulitsa thobwa kwa anyamata ocheka matabwa. Anangoyang'ana kamodzi.

"Abambowa ali ndi shuga?"

Ndinati eya mayi.

"Adya chiyani?"

Ndinati mazira awiri.

"Mazira! Agwireni mutu."

Anatula chidebe, kutunga kapu yodzaza, thobwa la chimera lothira shuga, n'kuwamwetsa pang'onopang'ono ngati mwana. Kapu yachiwiri anagwira okha. Pasanathe mphindi 15 maso anabwerera m'malo mwake, n'kufunsa kuti chipewa chawo chili kuti. Mayiyo anati malemu amuna awo ankachita chimodzimodzi akamwa mankhwala osadya, n'chifukwa chake sanachedwe kuzindikira.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumva. Kam'bulu kaja ndi glibenclamide, kamene odwala shuga ambiri kuno amalandira. Ntchito yake ndi kukakamiza thupi kutsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye. Adokotala popereka amayesa munthuyo akudya nsima monga wina aliyense. Tsono wina wasiya nsima, wasiya mbatata, mankhwala akumwa muyezo womwe uja, kenaka akukwera phiri mamita 600. Shuga amatsika kupyola muyezo, ubongo umasowa chakudya, ndipo munthu atha kukomoka osadzukanso. Inu a shuga amene mwamva chiphunzitsochi pamsika, musasinthe kadyedwe mwamseri. Kauzeni a kuchipatala kuti aone za muyezo wa mankhwala. Kungotaya mankhwalawo nakonso ndi njira ina ya kumanda. Ndipo mnzanu wa shuga akayamba thukuta ndi manjenje pabenchi, akadali wotha kumeza, mpatseni chotsekemera msanga. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.

Tinakhala pamenepo kanthawi, dzuwa litayamba kufunda. Mayi uja anafunsa kuti nanga abambo aulemu wawo chotere asoweranji nsima. Alamu anafotokoza chiphunzitso chawo, koma ndi mawu otsika, osati a pa Domwe aja. Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Nyama yokhayokha? Bambo, inu ndi odala. Kwathu nyama timaiona pa Khirisimasi, pamaliro, kapena nkhuku ikagwa ndi chitopa. Adzukulu anga akamva fungo la nyama kwa aneba amasiya masewera n'kukakhala pa mpanda."

Mawu amenewa ndi amene ndatsika nawo phiri. Chifukwa chiphunzitso cha alamu chili ndi theka la choonadi, ndipo theka limenelo ndi la adzukulu a mayiyu, si la alamu ayi. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, ndipo anthu 6 mwa 10 ali ndi zinki wochepa m'thupi. Zinki, ayironi wolowa msanga m'magazi, ndi vitamini B12 amene m'masamba simumupeza, zimapezeka bwino m'nyama, m'chiwindi, m'usipa, ngakhale m'mbewa zija za pa Linthipe. Mwana wa phala la ufa woyera ndi mchere, m'mawa ndi madzulo, kanthuli kamodzi kapena dzira kwa iye ndi mankhwala. Koma m'nyumba zambiri nthuli yaikulu imapita m'mbale ya bambo, mwana n'kupatsidwa msuzi.

Kuopsa kwa chakudya chamtundu umodzi dziko lino lidakuonapo ndi maso. Mu 1990 tinkasunga othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 800,000, ochuluka ndithu m'malire momwe muno mwa Dedza ndi Ntcheu. Mtedza udasiya kubwera pa chakudya chimene ankalandira kwa miyezi ingapo, anthu n'kudalira ufa wa chimanga. Pafupifupi 18,000 adadwala matenda amene madokotala amati pellagra: khungu la pakhosi ndi pamanja kuda n'kumasupuka ngati lapsa, kutsegula m'mimba, ena mutu kusokonekera. Imeneyo ndiyo nsima yokhayokha. A zaumoyo akamalimbikira za magulu 6 a zakudya sakuimba nyimbo yachabe. Alamu angothawa dzenje lina n'kukagwera lina, lokwera mtengo.

Nanga mimba inaphwa bwanji, shuga anatsika bwanji? Ndinawakumbutsa mmene ankadyera kale pamsika. Tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi atatu m'mawa, botolo la zoziziritsa kukhosi cha m'ma 10, chipisi cholawa kwa makasitomala, nsima ya ufa woyera mitanda isanu masana, madzulo chibuku. Munthu wosiya zonsezi tsiku limodzi, shuga alekeranji kutsika? Zimenezo anachita bwino kusiya, ndipo asabwerereko. Koma nkhwani udalakwa chiyani? Nyemba zidaba za yani?

Poti ndife anthu a geni, tinatenga kamtengo n'kuwerengera pa dothi, mayi uja akuonerera. Munthu wamkulu wosadya china chilichonse amafuna nyama pafupifupi kilo imodzi patsiku. Mbuzi yathu yachikuda ikasendedwa, kuchotsa mutu, chikopa ndi zam'kati, imatsala makilo ngati 12. Banja la alamu ndi anthu 6, ndipo iwo ankafuna ana omwe alowe mpingo umenewu. Tinene makilo 4 patsiku. Mbuzi imodzi masiku atatu, mbuzi 10 pamwezi, 120 pachaka. Boma la Dedza lokha kalembera wa 2018 adapeza anthu 830,000 ndi kanthu. Aliyense atati adye theka la kilo, ndiye mbuzi zoposa 34,000 zogwa tsiku limodzi. Mitengo sindilemba, poti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wolembedwa Lachitatu pofika Loweruka ndi bodza. Werengerani nokha pa mtengo wa lero, muone ngati benchi lanu lingapirire mwezi.

Alamu anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenaka anawafufuta ndi nsapato. Mayi uja anasenza chidebe chake n'kulowa m'mapaini, anyamata a matabwa anali atayamba kale kumuitana.

Ine ndinati tibwerere. Iwo anakana, ati Mngoni sabwerera pakhomo pa mdani. Tinakwera pang'onopang'ono, ine m'thumba ndili ndi mbatata ya kholowa yotsala m'mawa, maso ali pa iwo. Pamwamba mphepo yake ndi yochotsa chipewa. Tauni yonse ili pansi ngati mbale, malata akung'anima, malole a ku Mozambique akukwawa ngati nyerere kulowera kuchipata, madimba a kachewere ndi kabichi obiriwira m'madambo pamene kwina konse udzu wauma. Kum'mawa dziko limagwa mwadzidzidzi kutsikira kunyanja, ndipo kutali uko kunkaoneka kamzere kotuwa kamene alamu analumbira kuti ndi madzi, ine n'kumati ndi utsi. Ndili chiyang'anire zimenezi ndinamva kuseka kumbuyo. Munthu uja amafuna kufa ola lapitalo anali atathamanga mapazi makumi awiri otsalawo, dzanja lili pa waya wa mpanda wa milongoti.

"Mwendo, alamu! Wakumbuyo!"

Ndinati ayi, mwafika ndi mphamvu ya chimanga, makapu awiri athunthu, mboni ilipo. Iwo anati thobwa si chakudya, ndi mankhwala.

Tinakangana njira yonse yotsika, mpaka pamsika, mpaka pa lole ya matumba awo a kachewere. Mwendo ndinagula ine, poopa kuti anthu angati wolemba nyuzi ndi wothawa ngongole. Mlongo wanga anauphika Lamulungu ndi mbatata yomweyo ndi mpiru pambali, ana anadya mpaka kunyambita zala, ndipo Lolemba anawaperekeza amuna ake kuchipatala atawagwira dzanja ngati wa kusukulu ya mkaka. Muyezo wa mankhwala asintha. Nsima akukanabe mpaka lero, koma nyemba ndi masamba zabwerera m'mbale mwawo, ati n'zokongoletsa chabe.

Mlandu wa kubetcha sunathe. Tagwirizana kuti tcheyamani wa pamsika akauweruze Loweruka likudzali. Likapita limenelo alamu akuti akwereranso phiri kukafuna mayi wa thobwa uja, poti m'chipwirikiti chija makapu awiri aja tinaiwala kulipira.